Buleki yauma ngati mwala, mwana wandilanda makiyi

Aphungu,

Mtima wakhalako pansi tsopano, koma sabata yathayi ndinatsala pang'ono kuwomba mpanda wa eni ake, adzukulu anga awiri ali kumbuyo. Mwayi ndinakumbukira handibuleki. Galimoto inaima mphuno itangokhudza maluwa, ndipo palibe anakalika n'komwe. Anawo ankangoseka, amvekere, "Agogo, bwerezaninso!"

Ndine mayi wamasiye, mphunzitsi wopuma. Malemu amuna anga anandisiyira chigalimoto chakalekale cha mipando yachikopa, zija ankayendera mabwana. Ndi chimene ndimaperekezera adzukulu kusukulu. Kuchoka pageti pathu kukafika kumsewu ndi mtsetse. Injini yake imabangula koopsa m'mawa, ndiye m'nyumba yoyandikana nafe mwalowa namwino wogwira ntchito usiku. Pomumvera chisoni, masiku ano ndimangopotoza kiyi pang'ono kuti chiwongolero chimasuke, n'kutsetsereka mwakachetechete. Injini ndimakaliza kumunsi.

Vuto ndi buleki. Ndikaponda koyamba imagwira bwinobwino, koma ndikamafika pakona yauma gwa, ngati ndikuponda mwala. Makaniko anaiyendetsa tsiku lonse, akuti palibe chimene wapeza. Mwana wanga woyamba, kholo la adzukuluwo, atamva zimenezo anangoti, "Amayi, si galimoto iyi, ndi mwendo wanu wafooka. Bweretsani makiyi." Anawatengadi, ndipo akuti aigulitsa.

Zandiwawa, Aphungu. Popanda galimotoyi ndidzakhala munthu wodikira kunyamulidwa ngati katundu. Ndiuzeni zoona, ndakalambadi?

E.K.

Mayi E.K.,

Pumani, mwendo wanu ulibe mlandu. Wakulakwirani ndi mtima wanu wabwinowo.

Chigalimoto cholemera chotero sachiimitsa ndi mwendo wokha. Kuseri kwa buleki kuli kachipangizo konga poto, amakaniko amati busita. Injini ikamalira imakoka mpweya m'menemo kudzera m'paipi ya rabala, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene imakuthandizani kuponda. Injini ikazima mumatsala kamphamvu koponda kawiri kapena katatu basi, kenako buleki imauma. Inu mumakamaliza pamtsetse paja, pakona n'kufika mulibe kalikonse. Makaniko wanu sakanapeza kanthu chifukwa iye anayamba waliza injini, monga achitira aliyense. Kodi za kutsetsereka kwanuku munamuuza? Ndikukayika!

Komabe galimotoyi ndi yakale, tisangoikhulupirira. Makiyi akabwerera, iyeseni ili pamalo athyathyathya, handibuleki mutakoka. Injini ili yozima, pondani buleki kangapo mpaka iume. Musachotse phazi, lizani injini. Buleki ikatsika pang'ono pansi pa phazi lanu, busita ili moyo, yamikani Mulungu.

Ikapanda kutsika, kapena mukamva kamphepo kakulira "sii" kumapazi kwanu, ndiye kuti mpweya ukuthawa penapake. Uzani makaniko ayambe ndi paipi ija, chifukwa rabala akakalamba amang'aluka, kenako aone kavalavu kotsekera mpweya kali kumapeto kwake. Zimenezi zikhale zoyamba asanakambe zosintha busita yonse. Mumufunsenso ngati yanuyo imadalira mpweya, poti magalimoto ena apamwamba akale amadalira pampu ya mafuta. Ngakhale amenewo buleki imauma injini ikazima.

Pano ndiye ndikudzudzuleni. Musadzayendetsenso galimoto injini ili yozima, olo kuchoka pakhonde kufika pageti. Namwinoyo kamuuzeni nthawi imene mumanyamuka, kapena muziimika galimoto kumbali ina ya nyumba. Adzukulu asakweremo mpaka mutaiyesa ndipo makaniko ataonanso.

Mwana wanuyo musamusungire chakukhosi. Anachita mantha, ana amene anali kumbuyowo ndi ake, ndipo inunso ndinu mayi ake. Muitaneni akhale pampando woyendetsera, injini ili yozima, aponde buleki kangapo ndi mwendo wake wachinyamatawo. Ikamuumira, ingotambasulani dzanja, akubwezereni makiyi anu.

Aphungu