Mayi anga akufuna kuba mdzukulu m'chipatala

Aphungu,

Mutu wanga waima. Mkazi wanga Shaimaa wachira Lamlungu lapitali, mwana wamkazi, Rawan. Mayi anga, Hajja Nawal, anamupaka pamchombo zakuda zopaka m'maso zija, monga anatichitira tonsefe. Mchombo unatupa, thupi n'kutentha, bere n'kulikana. Mayi anatsegula filiji yawo, momwe amasungamo mankhwala otsala a zidzukulu zonse, nati, "Awa anachiritsa chifuwa cha mdzukulu wanga Karim, m'mwetseni." Shaimaa anakana, tinathamangira kuchipatala.

Jakisoni woyamba sanaphule kanthu. Atapima magazi, adokotala anati tizilombo take ndi tija tosamva mankhwala wamba. Tsopano apeza mankhwala ogonjetsa tizilomboto, koma akuti mwana asatuluke mpaka awamalize.

Vuto ndi sebuu, phwando la tsiku lachisanu ndi chiwiri chibadwire mwana, Loweruka likubwerali. Mayi agula kale makandulo ndi maswiti, sefa yogonekamo mwana pamwambowo aikongoletsa, msewu wonse auitana. Dzulo anandinong'oneza: "Mwanawe, thupi lazizira kale. Tingomubwereka madzulo okha. Ndimufunditsa mkanjo wanga wa abaya, mlonda wa pageti ndi mwana wa mnzanga." Shaimaa akuti ndikangoyerekeza, ndikagone m'filijimo. Ndikuopa onse awiri. Nditani?

H.S., Tanta

Bambo a Rawan,

Opani tizilomboto kuposa azimayi awiriwo. Makani amenewa tatiphunzitsa ndife. Kachimfine pang'ono, tili kale kwa wogulitsa mankhwala wa pakona, amene timamutcha adokotala. Tikapezako bwino, botolo theka m'filiji, kudikira mwana wa mlamu. Tizilombo tofooka timafa, touma mutu timatsala n'kuberekana, mpaka kufika pa khanda losalakwa ngati lanu.

Kuzizira kwa thupi si kuchira. Rawan akaphonya jakisoni, msewu wonse n'kumupsompsona, matenda angadzukenso, pamene mankhwala otsala m'manja mwa adokotala ndi owerengeka.

Sebuu musinthe tsiku, maswiti saola. Hajja musakangane nawo nokha, simunawapambanepo chibadwire. Apititseni kwa adokotala akamve ndi makutu awo, ndi za mchombo zomwe. Mabotolo aja muwachotse akapita ku msika, mudzapepesa pambuyo.

Tsiku la phwando likadzafika, mayi anu adzagogoda kamtondo kamkuwa pambali pa khutu la Rawan n'kumulangiza mwamwambo: "Uzimvera mayi ako, usamamvere bambo ako." Mudzaseke nawo, akunena zoona. Koma chenjerani, mukamutulutsa Loweruka, mwana woti alangizidweyo angadzasowe.

Aphungu