Kaseti Yolira ya Atate

Loweruka, Juni. Kwazizira.

Ba Chanda, achimwene anga, abwera kuno ku Kabwata atanyamula laputopu. Sitinayankhulane chigulitsireni iwo kompyuta yakale ya malemu atate ku msika wa Soweto, mwezi usanathe titawaika. Andipatsa moni, akuti, "Shani, Tisa?" Ine ndati, "Lero mwadzagulitsa chiyani, mipando?"

Iwo angopempha kaseti ija atate analembapo dzina langa, yomwe mu wailesi imangolira tswii ngati yowonongeka. Ndinaisunga chifukwa cha malembo awo basi. Kani phokosolo ndi masewera amene atate anandipangira ndili mwana! Ba Chanda alijambula, alilowetsa mu pulogalamu yosandutsa laputopu kukhala ngati kompyuta ija. Sikirini inada, kenako zilembo zonenepa zobiriwira zomwe zija: "7 x 8?"

Ndalemba 54. Yayankha kuti, "Iyayi, Kamlomo wanga, yesanso." Dzina limenelo ankanditchula atate okha.

Ndalakwitsa dala kasanu kuti andidzudzulenso. Ba Chanda anangoyang'ana pawindo, akupukuta mphuno.

Sindinawakhululukire ayi. Koma tiyi ndawathirira m'kapu ya atate, ndipo laputopu andisiyira. Mawa akabwera kudzaitenga, kaya...