Ikati 2, Imbani ku Lusaka

Lolemba, 6 Malichi 2006

Dziko lidziwe: ine Goodwell Sakala, wa Sitandade 4, wopuma ku njanji, lero ndavekedwa udindo wa Mlonda Wamkulu wa Nambala. Eni atsopano a depoti yathu ya feteleza agula makompyuta atatu osunga maoda a alimi. Imodzi ikalemba, enawo amakopera, ngati ana opusa pa mayeso. Ntchito yanga ndi kuyang'ana sikirini yoonetsa kuti makompyuta amene akugwira ntchito ndi angati. Ikati 3, khala phee. Ikati 2, imbira ba Enock, injiniya wa ku Lusaka. Ikati 1, yotsalayo imakana kulemba, ati yokha sikwana komiti. Ulesi wa mayuniyoni wafika ndi m'makina.

Lachiwiri, 7 Malichi

2, nthawi ya teni. Ndaimba. Ba Enock: "Mudala, mwagwira chani?" Ndagwira tsache, mwana iwe. Pa leveni yabwerera yokha pa 3. Digiri yonse ija yangoti "ni netiweki."

Lachitatu, 8 Malichi

Manija, ba Harrison, m'mawa: "Ba Sakala, nambala ikagwanso musavutike kubwera Mande. Ofuna nchito ali mbwee pa geti." Munthu amene amaopa ndi mbewa ya kompyuta yomwe!

Ndakabisala kuseri kwa kabati m'chipinda chozizira cha makinawo. Teni ikukwana, njinga ya nsomba za ku Chanyanya ngiri ngiri. Alowa ba Felistus a pa risepishoni ndi beseni la nsomba, azula pulagi ya kompyuta yachitatu, alowetsa ya sikelo yawo. Msika watsegulidwa, makalaliki pa mzere. Ndatsokomola. Iwo osagwedezeka: "Nanga si yali yatatu? Imodzi ipumuleko. Panja nsomba zinunkha."

Ba Felistus ndi mlamu wa ba Harrison. Ndikanena ine, wabodza ndine.

Lachinayi, 9 Malichi

Pa naini ndaimba: "Ba Enock, yafika pa 1!" Foni yawo inagwa, ndinamva. Msewu wonse wa Shimabala, kuchokera ku Lusaka, anauuluka, tayi ili pa phewa. Teni itangopitirira walowa m'chipinda, wapeza ba Felistus akuyeza makilo awiri a ba Harrison amene, pulagi ili pansi m'madzi a nsomba. Ba Enock: "Yesu wanga," basi. Ba Harrison anayamba kuwerenga denga.

Lachisanu, 10 Malichi

3 tsiku lonse. Chipinda chili ndi loko, kiyi ili m'thumba langa. Sikelo yasamukira pakhonde, ntchentche zikuthokoza. Ba Felistus sandipatsa moni. Za Mande palibe wazitchula.

Ba Enock akali pano, maso psuu, akufufuza m'zolemba za makina kuti 1 uja anachitika bwanji pa naini. Wandifunsa kanayi, tsopano akuti "ba tate." Ndamugulira fanta. Iwe buku ndikuuze: 1 sindinamuonepo chibadwire. Ndimuuza Mande, akayamba wadya.