Msewu wa pa Mponela Wayamba Kupola

Greenwich, London
14 Novembala 2006

Okondedwa achemwali a Marjorie,

Muli bwanji kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga abambo adzuka bwanji? Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwandivalitsa majuzi atatu ngati wogulitsa kaunjika.

Achemwali, imvani zodabwitsa: msewu wathu wa pa Mponela wayamba kupola wokha.

Paja kuno ndikufufuza phula losakaniza ndi matayala akale ogayidwa, kuti misewu izikhalitsa kumalo otentha. Makina athu amagudubuza tayala pa kachidutswa ka phula tsiku lonse, koma dzuwa la ku Dowa salidziwa. N'chifukwa chake ndidapempha abambo kuti mwezi uliwonse azigoneka thabwa pamsewu m'malo khumi aja, n'kuyeza ndi rula mmene malole akanikizira phula pansi. Mukukumbukira mmene adakondwerera? Adati kapitawo wa pamsewu sapuma pantchito, boma ndi limene limatopa naye. Zaka zitatu, osaphonya mwezi.

Sabata yatha a Paterson, amene amayang'anira kafukufuku wangayu, adandiitana. Adandionetsa kuti kuyambira Febuluwale manambala akutsika: pomwe padali mamilimita 19 padakhala 14, kenaka 11. Adati msewu si chilonda, ndipo ngati wa ku Malawi umapola, andiperekeza okha kukalandira mphoto. Ndidaseka nawo. Ndidati mwina abambo agula rula ya ku msika.

Lamlungu kutchalitchi ndidakumana ndi Vera, namwino uja wa kuno ku Lewisham, atangobwera kuchokera kumudzi. Akuti adapeza abambo atagwada pamsewu, inu mutaima pambali kuyang'anira magalimoto. Rula adaigwira mozondotsa, akuipapasa ndi chala. Vera atawapatsa moni, abambo adatembenukira kumene kulibe munthu n'kufunsa kuti ndani. Vera ankayesa kuti ndikudziwa.

Pobwerera ndidakwera basi yolakwika, ndipo sindidatsike mpaka idafika pothera.

Mudandiuza kuti makalata mukuwalembera ndinu chifukwa cha nyamakazi m'dzanja lawo. Sindikukudzudzulani. Ndikudziwa kuti amene adakuletsani kundiuza za maso awo ndi iwo, ndipo inu mumangolemba zomwe akutchula. Wolakwa ndine. Miyezi isanu ndi inayi ndakhala ndikung'amba envelopu n'kuthamangira kumanambala, moni wawo ndikuwerenga pambuyo. Phula likatsika ndi theka la milimita ndimaona. Maso a bambo anga akuzima, ine mwana wophunzira sindidaone kanthu.

Miyezi imeneyo ndaichotsa m'kafukufuku. Zoona zake ndawauza a Paterson, ndipo sadasekenso. Ndiye kuti sindimaliza mu Juni. Chaka china chawonjezereka. Chithunzi cha gauni yomalizira maphunziro chija abambo akhala akuchifunsa pafoni, sindikudziwa kuti adzachiona ndi chiyani.

Ndikupemphani ziwiri. Pitani nawo ku chipatala cha maso ku Nkhoma sabata ino, mwina ndi ng'ala chabe. Akakana, nenani kuti odwala ndinu, iwo akungokuperekezani. Ulemu wotere saukana.

Chachiwiri, musawauze kuti ndadziwa. Pa 1 Disembala muwanyamulire thabwa lawo, mupite nawo kumsewu. Chilichonse chimene atchule, lembani munditumizire. Ngakhale anene kuti ziro, ndidzawathokoza monga kale.

Mundiperekere moni kwa alamu, ana ndi azakhali. Abambo muwauze kuti ndili bwino, ntchito ikuyenda. Mulungu akusungeni, achemwali, mwasenza nokha nthawi yaitali.

Ine mlongo wanu,
Luntha