Anamgumi Anga Achoke Chifukwa cha Ragibi ya Msuweni?

Aphungu,

Lero kwacha ndi mvula yowaza, malata akulira pang'onopang'ono, ndipo nkhumba za aneba zayamba kale kufukula kuseri kwa khitchini. Belu la kutchalitchi landipeza ndili maso, chifukwa nkhani iyi ikundisowetsa mtendere.

Ndine mnyamata wa kusekondale, ndipo anzanga ndi ochepa. Mchemwali wanga Losaline, amene amathyola zipatso ku Australia, ananditumizira laputopu yakale kuti ndizilembera za kusukulu. Nyengo ya anamgumi ikafika ndimakakhala ndekha pamatanthwe a m'mbali mwa nyanja n'kumawajambula ndi foni. Ena ndimawazindikira ndi zipsera za kumchira. Zonsezi ndimasunga m'laputopumo, koma palibe anandiuzapo kuti, "Tatiwonetsa."

Vuto ndi msuweni wanga Lisiate, mwana wa azakhali a Kalolaine, mlongo wawo wamkulu wa bambo. Mwambo wathu mukuudziwa. Azakhali ndiwo fahu wathu, munthu wolemekezeka koposa pabanja, ndipo iwo kapena ana awo akafuna chinthu cha m'nyumba mwathu sitikana. Lisiate amasewera mpira wa ragibi, ndipo aliyense womujambula amamutumizira kanema, iye n'kudzathira m'laputopu yanga. Masewero amodzi omwewo alimo kangapo. Lamulungu tikadya, abale onse amaunjikana kumuonera, azakhali akufuula, "Mwamuonatu mwana wanga! Bwezani pomwepo tionenso!" Wobweza kanemayo ndine. Ine ntchito yanga ndi imeneyo basi.

Sabata yatha kompyuta inadzaza. Ikuchedwa kuyaka, ndipo inakana kusunga ntchito yanga ya sayansi. Lisiate atabwera ndi kanema wina, inakananso. Anatsegula foda yanga n'kuseka, amvekere, "Iwe msuweni, nsomba zonsezi ukufuna uziphike? Fufuta izi, chaka chamawa zibweranso. Ine mphunzitsi wa ragibi wa ku Auckland akudikira kuti aone mmene ndimasewerera."

Nditadandaula kwa bambo, anandiyankha osandiyang'ana n'komwe: "Ukufuna mlongo wanga amve kuti mwana wake wamanidwa m'nyumba mwanga? Pofika Loweruka zithunzizo zikhale zitachoka."

Aphungu, sindikubisirani. Tsiku lomwelo ndinasankha foda yonse ya Lisiate, chala chili pabatani lofufutira. Ndikanangonena kuti makina asokonezeka, ndipo akanandikhulupirira. Sindinadine, koma maganizowo sanandichoke. Iye ali ndi thupi, ali ndi anthu omuombera m'manja, mwina apita kunja. Ine ndili ndi foda imodzi yokha, ndiye imeneyonso ichoke?

Dzulo bambo ndi Lisiate anatenga laputopu kupita nayo kwa azakhali kuti alendo akaonere masewero. Madzulo bambo anabwera okha, chimanjamanja. Lisiate ndi laputopu agona komweko. Nditani?

S. F., Neiafu

Wokondedwa S. F.,

Wachita bwino kuchotsa chala pabatanipo, ndipo usachibwezerenso. Kanema amene mphunzitsi uja akudikira akhoza kukhala khomo la moyo wonse wa msuweni wako. Ukamufufutira, kompyuta ipeza malo, koma iwe uzidzakhala pakati pa abale Lamulungu lililonse ukudziwa zimene unachita.

Uli ndi mavuto awiri, ndipo losavuta ndi la makinalo. Usadikire Loweruka, chifukwa Lisiate akhoza kufufuta yekha zithunzi zako. Pita lero kwa azakhali ndi fulashi, kaya yobwereka kwa aphunzitsi a sayansi, ukakopere foda yako yonse. Uitsegule pa kompyuta ina, uone kuti zonse zalowadi. Kenako uone nkhokwe ya zinyalala ya m'laputopu yakoyo. Ambiri sadziwa kuti zimene anafufuta zimakhalabe mmenemo zikudya malo mpaka ataikhuthula. Uonenso foda ya zinthu zokopera pa intaneti ndi mapulogalamu amene Losaline anasiya omwe sugwiritsa ntchito.

Malo ambiri atha ndi makanema obwerezabwereza aja. Kanema mmodzi amalemera kuposa mulu wa zithunzi. Koma usasankhe wekha ochotsa. Khala pansi ndi Lisiate, umuuze kuti, "Mphunzitsi sangaonere zonsezi, tiye tisankhe abwino kwambiri." Zimenezo n'zoona, ndipo zimuthandiza. Otsalawo apite pa fulashi yake. Mwambo umati usawamane azakhali ndi ana awo. Mwambowo sunanene kuti uwononge zako pamene malo angathe kukwanira nonse. Bambo ako akuopa manyazi kwa mlongo wawo, sakudana ndi anamgumi. Ukawaonetsa kuti Lisiate wapeza malo, nkhani ya Loweruka ithera pomwepo. Umuuzenso Losaline zimene zikuchitika, popeza anatumiza makinawo chifukwa cha sukulu yako.

Vuto lachiwiri ndi nsanje, ndipo fulashi siichiza. Ukuti palibe anapemphapo kuona zithunzi zako. Kodi iwe unamuonetsapo ndani? Lisiate amabwera ndi kanema wake n'kuuika patsogolo pa anthu. Iwe umabisa zako m'foda, n'kumawawidwa mtima kuti sakuziona. Mnyamata wozindikira namgumi ndi chipsera cha kumchira ali ndi luso, ndipo aphunzitsi ako a sayansi ayenera kulidziwa. Lamulungu likubwerali, masewero akatha, usafunse chilolezo kwa aliyense: tsegula chithunzi chako chabwino koposa, unene kumene unachijambula. Mwina Lisiate aseka. Msiye aseke, wina pagulupo afunsa funso.

Chenjezo langa ndi ili: tsiku limene mtima ukuwawa, usakhudze batani lofufutira, kaya pa zake kaya pa zako. Anyamata ena akapsa mtima amafufuta zawo zomwe kuti ena amve chisoni. Abale adzadandaula tsiku limodzi, Lamulungu linalo n'kubwerera ku ragibi, ndipo wotsala wopanda kanthu udzakhala iwe.

Aphungu