Fani Yathu Yapita kwa Makina

Lachitatu, Okutobala. Lero kwatentha moipa, mtima nawonso suli m'malo.

Makina owerengera afika kuchokera kulikulu la banki ku Blantyre. Bwana manijala akuti chaka chino ndalama zapita ku zipangizo, ndiye kosi imene anatilonjeza ine ndi a Mwakasungula, kalaliki mnzanga, yayamba yaima. Nditafunsa kuti, "Mpaka liti, bwana?" anangoseka, amvekere, "Makina sapempha tchuthi."

Fani yathu imodzi yomweyo aichotsa pakauntala, ati makinawo sagwirizana ndi kutentha. Ife thukuta lili kamukamu. A Mwakasungula anayamba kudandaula m'Chinkhonde, ine ndinawatsina, pakuti mesenjala wathu amakatula zonse ku Chipani cholamula.

Bwana manijala andiuza kuti mawa ndisunthe tebulo langa kuti makinawo apeze malo. Koti ndilisunthire sananene.