Ulusi Wakuda pa Thalauza la Alongo Anu

Alamu anga okondedwa,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko, inu, bambo a kunyumba ndi ana? Msana unkakuvutani uja unaleka? Kuno mapasa ali bwino, akupita kusukulu, ndipo ine ndikudzuka ndithu. Koma alongo anu sali bwino. Kalatayi ndikulemba nditakhala pa benchi ya kuchipatala, pepala lili pabondo, ndiye mukaona zilembo zokhota musadabwe.

Ndikanatha kuimba foni, koma ndimadzidziwa. Ndikanangoyamba kulira, inu n'kumva theka la nkhani.

Pa nkhani ya kudya alongo anu mumawadziwa kuposa ine. Si inu nomwe munawapatsa dzina loti Atsukambale? Ine ndinawakonda ali choncho. Wophika aliyense amasangalala mbale ikabwerera yoyera, ndipo iwowa akamadya nyama yokazinga amatsinzina ngati akupemphera. Nanenso pa chakudya sindichita manyazi. Tinkanenepa limodzi, anthu n'kumati banja lathu ndi lamtendere.

Chaka chatha anayamba ludzu losatha, kukodzakodza, ndi kuona mwachimbuuzi akamameta anthu. Kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Adokotala sanapite m'mbali. Anati thupi lichepe, zotsekemera ndi zamafuta zichepe, apo ayi matendawa adzayamba kuwadya kumapazi. Alamu, wometa tsitsi amaima tsiku lonse. Mapazi amenewo ndi omwe amadyetsa ana athu.

Musamve za anthu kuti ndinawalanda chakudya. Ndinangogula mbale yaing'ono kuti chakudya chizioneka chodzaza. Ndinaphunzira kukometsa nyemba ndi adyo, anyezi ndi tomato popanda kuthira botolo lonse la mafuta. Nsomba ndinkawiritsa n'kufinyirapo ndimu. Lamlungu ndinkawaotchera nyama, chifukwa munthu sangakhale moyo wa masamba okhaokha. Zimene ankadya iwo ndi zimene ndinkadya ine, ndipo m'mawa tinkayenda limodzi mpaka kumalo awo ometera, osakwera basi.

Ankadandaula, inde. Ankauza makasitomala awo kuti mkazi wawo akufuna kuwasandutsa mbuzi, posachedwa ayamba kumera nyanga. Koma ankadya, ndipo tinkaseka.

Ine ndine telala, sikelo yanga ndi tepi yoyezera. Patapita miyezi ingapo mathalauza awo anayamba kugwa, ndipo ndinawabweza onse m'chiuno pa makina. Tsiku limenelo ndinasoka ndikuimba. Adokotala anawagwira chanza, maso anayera, ndipo masitepe a kutchalitchi ankakwera osapuma panjira.

Kenako kunabwera amayi anu kudzationa. Atangoona kolala ya malaya ili lendelende, anagwira mkono wa mwana wawo, kuuzunguliza ndi zala, n'kukhala pansi pasimenti. Analira, alamu. Anati bambo anu anayambanso choncho, kolala kukula, lamba kuboola mabowo atsopano, mapeto ake bokosi lopepuka loti anthu anayi analinyamula osatuluka thukuta. Inu munalipo pa matenda a bambo anu, ine ndinangomva. Kwa amayi, munthu akayamba kuonda ndiye kuti wauyamba ulendo.

Nawo makasitomala sanathandize. Wina anafunsa ngati alongo anu anakayezetsa magazi. Wina anati kodi akazi awo akuphikabe, kapena pakhomo pavuta.

Amayi ndinawatenga kupita nawo kwa adokotala kuti akamve okha. Anamvetsera bwinobwino, kugwedeza mutu, kuthokoza. Titatuluka anandiuza kuti adokotalawo nawonso ali ndi mimba yawo, nanga bwanji iwo sakudya masamba. Anati chiyambire sanamvepo kuti munthu wafa ndi tiyi, chimene chimapha ndi njala.

Pambuyo pake kunangoti zii. Alongo anu ankanyamula bakuli langa m'mawa, madzulo n'kubwera nalo lotsukatsuka. Za njala analeka kudandaula, za mbuzi analeka kunena. Ine n'kumati azolowera. Masaya ndinkaona kuti akubwerera, koma thalauza linkawakwanabe, ndipo telala amakhulupirira msoko wake kuposa maso ake.

Tsiku lina ndikusita ndinatembenuza thalauza lawo lotuwa lija. Msoko wanga wa kumbuyo unali utasomoledwa. M'malo mwake munali msoko wapamanja, wa ulusi wakuda, wotalikirana, womangidwa mfundo ziwiri kumapeto. Dzanja limenelo ndimalidziwa, ndi lomwe linasoka mabulangete a mapasa ali akhanda. Ndinatulutsa mathalauza onse m'kabati. Onse anali atamasulidwa, limodzilimodzi, kuti ine ndisadziwe kuti mimba yabwerera.

Masana omwewo ndinapita kumalo ometera. Kuseri kwa katani komwe amasungako matawulo, alongo anu anali atakhala pa kabokosi. Bakuli langa linali pansi, lopanda kanthu. Pamiyendo panali la amayi: mpunga wonyezimira mafuta, nkhuku yokazinga, mabanzi opaka majarini, pambali fulasiki ya tiyi wa mkaka. Amayi anali ataima pamenepo akuingitsa ntchentche, maso ali pakamwa pa mwana wawo. Atandiona sanachite manyazi. Anangowonjezera nthuli ina.

Madzulo alongo anu anandiuza kuti analibe pothawira. Changa ankadya kuti ine ndisakhumudwe, cha amayi ankadya kuti amayi asalire. Ndiye kuti munthu wa shuga ankadya nkhomaliro ziwiri tsiku ndi tsiku, pofuna kusangalatsa akazi awiri. Anawonjezera, maso ali pansi, kuti bodza n'loipa, nkhukuyo inkakomanso. Ndinawauza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Analonjeza kuti asiya.

Sanasiye. Amayi anangosintha nthawi yobwera. Nditawalankhula mwaulemu, anakauza abale kuti ndikupha mwana wawo ndi njala kuti nditsale ndi nyumba. Ndikanatani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndi apongozi anga, ndi amene anabereka mwamuna wanga.

Mwezi watha kachidutswa ka lezala kanalowa mu nsapato ya alongo anu kuntchito. Anayenda nako tsiku lonse osamva kanthu, chifukwa phazilo linali litafa kale dzanzi. Ine ndinadziwira pa sokosi ya magazi pochapa. Iwo anati ndi kabala kakang'ono, kapola kokha, ndipo anapitiriza kuima pa phazi lomwelo. Sikanapole. Kanayamba kununkha, zala n'kuyamba kuda.

Sabata yatha awadula zala ziwiri za phazi lamanja. Adokotala akuti bala silingapole shuga ali pamwamba chonchi. Akuti akapanda kutsika m'masiku akubwerawa, adula mwendo m'munsi mwa bondo.

Dzulo amayi anabwera kuwodi ndi basiketi yovundikira ndi kansalu. Fungo la nyama yokazinga linadzaza chipinda chonse, odwala ena mpaka kudzuka. Ndipo alongo anu anatambasula dzanja. Ichi ndiye chikundiwawa kwambiri, alamu. Phazi lili m'mabandeji, botolo la mankhwala likulendewera pamwamba pawo, iwo anatambasula dzanja.

Ndinalanda basiketiyo n'kukaisiya panja. Amayi anakuwa pamaso pa wodi yonse kuti ine ndinamaliza mnofu wa mwana wawo, tsopano achipatala akumaliza zotsala. Anati mwanayo anamubereka okha, anamuyamwitsa okha, ndipo palibe mkazi wobwera amene angawaletse kumudyetsa. Alongo anu anatembenukira kukhoma.

Musaganize kuti ndimadana nawo amayi. Nditawaona akutuluka pageti pang'onopang'ono, basiketi ili m'manja yosatsegula, mtima unandipweteka. Ndikudziwa kuti anadzuka m'mamawa kukaphika, ndipo miyendo yawo nayonso ndi yotupa. Amamukonda mwana wawo. Koma chikondi chimenechi chikumudula pang'onopang'ono, ndipo ine ndili ndi mantha.

Ndiye pempho langa ndi ili. Bwerani, alamu. Inu ndinu woyamba kubadwa, amayi amakumverani. Mudzawakhazike pansi, mudzawauze kuti matenda a bambo anu anali ena, awa ndi ena. Mudzawauze kuti kuonda kwa chaka chatha kuja kunali kuchira. Ine ndikanena amamva mawu a mpongozi, inu mukanena mwina adzamva mawu a mwana wawo.

Mudzawauzenso kuti sindikuwaletsa kuphika. Ngati akufuna, khitchini yanga atenge. Aziphika okha nyemba, masamba ndi nsomba, azimudyetsa okha ndi dzanja lawo, Lamlungu azimuotchera nyama. Akachira anthu anene kuti wachiritsa ndi mayi wake, ine sindidzatsutsa. Ndi alongo anu mudzalankhule nawonso mosanyengerera. Ife akazi awiri tikhoza kukangana mpaka kutha mawu, koma pakamwa ndi pawo.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba ndi ana onse. Mapasa akuti azakhali abwere. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni ulendo wabwino, chifukwa ndikukhulupirira kuti mubwera.

Ndimalize ndi za m'mawa uno. Bambo wa pa bedi loyandikana ndi lathu anamudula mwendo masiku apitawa, matenda omwewa. Mkazi wake atamva kuti ndine telala anandibweretsera thalauza la mwamuna wake, kundipempha kuti ndipinde mwendo umodzi n'kuusoka kuti usamakwekwereke pansi. Ndinasoka pamanja, nditakhala pambali pa bedi la alongo anu. Iwo ankayang'ana singano ikulowa ndi kutuluka mpaka ndinamaliza, ndipo phala lawo lopanda shuga anadya lonse.

Mathalauza a alongo anu ndinawabweza m'chiuno, amayi anawamasula. Zimenezo ndingapirire, ndingasokenso kambirimbiri. Koma ntchito ya m'mawa uno sindikufuna kuigwira pa thalauza la mwamuna wanga. Fulumirani.

Ndine mlamu wanu,
Mayi a mapasa